Ngalande Yosokosera ya Mayi Pi-yun

Mphepo yamkuntho itagwetsa ngalande ya madzi a padenga pawo ku Pingtung, mayi Pi-yun anapita kukagula ina. Wogulitsa anawalangiza ya pulasitiki, poti ya malata imasokosera mvula ikamagwa.

"Ndipatseni yosokoserayo," anatero mayiwo.

Anaikhometsa moyang'anizana ndi zenera la alamu awo oyandikana nawo nyumba, a Chin-fa, amene anawadulira mtengo wa mango osapempha.

Mvula itayamba, a Chin-fa anasuzumira pazenerapo. "Alamu, chigoba chanuchi chitigonthetsa m'kutu."

"Mtengo munadula uja bwenzi ukutchinga phokosoli. Kaudandaulireni."

A Chin-fa anamenyetsa zenera. Phokosolo linkawasautsanso mayi Pi-yun, koma sanaichotse ngalandeyo. Pa Chaka Chatsopano, m'malo modyera pamodzi monga mwa mwambo wawo, banja lililonse linadyera kwawo.