Tsiku Limene Ndinabereka Dzungu

Ndinali nditasesa pabwalo, kutsuka mbale, kuchapa matewera ndi kumangirira mbuzi, ndipo ndinkachokera kumjigo ulendo wachitatu, ndowa pamutu, Yankho kumsana, pamene kakolo wanga wakumanzere anapindikanso. Kachinayi chaka chimodzi! Ndinagwa chammbali, mwana n'kumenyetsa mutu pamzere wa mtedza. Sanavulale, koma apongozi anga, mayi a mwamuna wanga Zakeyo, anafika chothamanga n'kumumasula pambereko.

"Uyu simumuberekanso. Mukafuna kuyamwitsa muzikhala pansi."

Mwana wa miyezi isanu, wobala ndekha.

Kakoloyo tinali titamuyesa zonse: kuthowa ndi madzi otentha, kumanga ndi nsanza, ngakhale kutemera mphini. Ndiye ndinakwera minibasi kupita kuchipatala ku Namitete, komwe ananditumiza kwa a Theresa, mayi wa mafizo, wochiza ndi masewera olimbitsa thupi. Anandiimika ndi mwendo umodzi. Asanawerenge mpaka faifi ndinali nditagwira khoma.

"Vuto lakwera m'chiuno, mayi," anatero. "Minofu ya m'mbali mwa matakomu ndi yofooka. Phazi likaterereka, palibe chokugwirani kumtunda kuno."

"Ine ndabwera ndi phazi, adokotala. Chiunochi chilibe mlandu, chinabereka bwinobwino."

Anaseka, n'kundionetsa zochita: kugona chammbali n'kumakweza mwendo, kuyenda ngati nkhanu nditamanga chubu cha njinga m'mawondo, ndi kuima ndi mwendo umodzi. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma ndinaona kuti awa ndi masewera a ana a mkaka. Komabe mwana ndinkamufuna.

Nthawi yochitira masewera ndikanaitenga kuti? Ndinangowalowetsa m'ntchito. Pathandala ndinkatsuka mbale ndili chiimire ndi mwendo umodzi. Posesa ndinkayenda chammbali, chubu m'mawondo. Amayi akumjigo atandiona anandipatsa dzina loti Nankhanu.

Tsiku lina masana apongozi anandipeza kuseri kwa chigafa cha fodya, nditagona pamphasa, mwendo uli m'mwamba.

"Kodi anamkungwi akwanu sanamalize ntchito? Zam'chiunozi dzuwa likuswa mtengo, anthu akudutsa?"

"Ndi mankhwala a phazi, amayi."

"Mankhwala a phazi kumatako? Iwe Zakeyo, ukuzimva zimenezi eti?"

Zakeyo, yemwe ankasoka fodya m'chigafamo, sanadzutse n'komwe mutu. "Ine chubu changacho mundibwezere basi."

Ndinaluma mano n'kukwezanso mwendo. Khumi ndi kasanu mbali iyi, khumi ndi kasanu inayo.

Patatha miyezi itatu ndinakagwada kwa apongozi kupempha mwana wanga. Analowa m'munda, Yankho ali kumsana kwawo, n'kuthyola dzungu lalikulu.

"Berekani ili. Ndowa pamutu. Mudutse munda wafodyawu modula mizere. Likasweka, musadzandifunsenso."

Mvula inali itagwa m'mawa. Ndinamanga dzungulo ndi chitenje, ndikutukwana chamumtima, n'kuyamba kulumpha mizere, anthu ataima m'malire ngati kuli gule. Pakati pa munda dothi linagumuka. Kakolo anayamba kupindika monga kale, koma m'mbali mwa chiuno munagwira gwa! Madzi anandithira paphewa. Ndinaima ndi mwendo umodzi, winawo ukufunafuna popondapo, mpaka unapapeza.

Nditafika kutsidya, apongozi analitembenuza dzungulo mbali zonse ngati akugula pamsika. Kenako anawerama n'kumasula mbereko yawo.

Zonsezi zinandidyera maulendo anayi a ku Namitete, mphasa imodzi, nkhuku yomwe ndinagulitsa kuti ndikwere minibasi, ndi miyezi itatu ya msana wopanda mwana. Yankho nditamuika kumbuyo anali atalemera moti sindinamuzindikire. Anauma thupi, n'kulira njira yonse mpaka kunyumba, manja atatambasulira agogo ake.