Pampando wa Bambo, Kumchira kwa Ndege

Noreen Hladun anaima pansi pa phiko la ndegeyo atapinda manja, akumvetsera mlongo wake wamng'ono, Wendell, akunamiza alendo.

"Bambo athu mantha sankawadziwa," anatero Wendell, akugwedeza kabokosi ka mamendulo. "Ankakhala kumchira uko ndi mfuti zinayi, akuseka!"

Ndegeyo inali Halifax, chimphona choponya mabomba, mtundu womwe malemu bambo awo, a Orest, ankakwera pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anthu odzipereka anali ataikonza kuti izionetsedwa, ndipo tsikulo anaitana mabanja a asilikali akale.

Noreen anatsonya. Akuseka? Wendell anachoka pafamu yawo ya tirigu m'chigawo cha Alberta ndevu zisanamere, n'kumangotulukira pa Khirisimasi ndi mphatso ya masokosi. Amene anasamala nkhalambayo mpaka kuitseka maso anali Noreen. Ndiye ankaiphikira supu, ndiye ankaigwira dzanja mabingu akayamba kugunda. Koma lero mwini nkhani ndi Wendell.

"Ndikufuna ndikhale pomwe ankakhala bambo," Wendell anauza mayi woyang'anira malowo.

"Mmenemo ndi mothina kwambiri, bambo," mayiyo anachenjeza.

"Iwe Wendell, ndi mimba imeneyo?" anatero Noreen. "Bambo nthawi imeneyo anali ngati bango."

"Achemwali, inu ndi nsanje basi."

Anakwawa kulowa m'mimba mwa ndegeyo, zitsulo zikulira. Kenako kunangoti zii. Posakhalitsa mawu anamveka ngati ochokera m'chitsime: "Achemwaliii!"

Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Noreen anavula nsapato n'kukwawa nayenso, mawondo ake okalamba akudandaula pachitsulo chozizira. Anamupeza atakanirira pakakhomo ka kachipinda kagalasi ka kumchira kaja, mutu ndi mapewa zili mkati, zotsalazo zili kunja. Anamugwira lamba.

"Tadikirani," anatero Wendell.

"Ndidikire chiyani? Ukufuna tigone muno?"

"Muno munthu saona mnzake, achemwali. Anzawo onse anali kutsogolo uko. Iwo okha kuno, kumangoyang'ana kumene achokera." Mawu ake anali atachepa ngati a mwana. Kenako anati, "Sankaseka, eti?"

Noreen anali atausunga kalekale mkwiyo wa funso limeneli. Mawu olasa anali okonzeka palilime: unali kuti iwe, unali kuti. Koma anawameza mawuwo, n'kugwiritsitsa lamba uja.

"Ankasanza asanakwere," anatero. "Ulendo uliwonse. Akatero n'kupukuta pakamwa, n'kukwera. Anandiuza tsiku lina ndikuwameta ndevu."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Unafunsa liti? Tabweza mimbayo, ndikoke."

Anakoka ndi mphamvu zonse. Wendell anazuka ngati chitsa, thalauza n'kung'ambika kuyambira m'chiuno mpaka pantchafu.

Atatuluka, alendo anawomba m'manja, ena akubisa kuseka. Bambo wina anapempha Wendell kuti apitirize nkhani ya ngwaziyo. Wendell, dzanja lina litagwira thalauza, anangopatsira Noreen kabokosi kaja.

"Funsani achemwali angawa," anatero.

"Tsopano ndiye wandidziwa!" Noreen anavula juzi yake n'kumumanga nayo m'chiuno mwaukali. "Tiye kugalimoto, wandichititsa manyazi okwanira."

Anayenda m'mphepo ya Novembala, Noreen mano akugundana, akung'ung'udza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene anayendetsa galimoto anali Noreen yemweyo. Msewu unali wowongoka ngati chingwe, ndipo chipale chofewa choyamba cha chaka chinayamba kuwaza paziputu za tirigu.

Atapitirira nkhokwe zazitali za kumapeto kwa tauni, Wendell anatsokomola.

"China bambo ananena chiyani?"

Noreen anausa moyo, anayang'ana msewu wautali umene unawatsalira, n'kutambasula dzanja kuzimitsa wailesi.