A Dailes Anaiwala Amuna Awo

A Yoramu Tembo ndi akazi awo, a Dailes, anakhala akulima ku Nkomeshya chichokereni ku Katete ali achinyamata. Mvula itangoyamba chaka chino, a Dailes anaterereka pachitsime n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Kuchipatala opaleshoni inayenda bwino, moti anayamba kudandaula za mbuzi zawo.

Koma tsiku lina a Yoramu atalowa muwodi ndi phala, akazi awo anawatuzulira maso.

"Nimwe ndani? Chokani apa! Mufuna kunipha!"

Anazula diripi pamkono, magazi n'kudontha pabulangeti. A Yoramu anaitana anamwino, mbale ili m'manja.

Namwino wina, dzina lake Mwaba, anatonthoza wodwalayo, kenaka anawatengera a Yoramu pakhonde.

"Atate, iyi si misala, komanso si ufiti. Okalamba akadwala kwambiri, mutu umasokonezeka mwadzidzidzi. Amai ali na matenda a m'chikhodzodzo, na madzi achepa m'thupi. Tawayamba mankhwala. Sitiwamanga, iyai. Imwe khalani pafupi, muziwamwetsa madzi, muziwauza kumene ali. Zimabwera n'kupita. Kodi amaona bwino?"

"Magalasi anasala kunyumba," anayankha a Yoramu.

Anachita zonse zimene anauzidwa. M'mawa ankatsegula makatani n'kunena kuti, "Amake Hellen, nine Yoramu. Lelo ni pa Chitatu, muli ku chipatala." A Dailes ankatembenukira kukhoma, nthawi zina n'kulavula madziwo.

Mwana wawo Hellen atafika kuchokera ku Lusaka, a Yoramu anakwera minibasi kukatenga magalasi. Mvula inawatsekereza kumudzi, ndipo anagona konko.

Masana a tsiku lomwelo a Dailes anatsegula maso ali bwinobwino. Anamuzindikira Hellen, anadya nthochi, n'kufunsa, "Atate ako ali kuti? Kodi adya?" Hellen anayesa kuimba foni, koma ya bambo ake inali yozima. A Dailes anadikira akuyang'ana kukhomo mpaka tulo tinawatenga.

Pamene a Yoramu ankafika m'mawa mwake, anapeza akazi awo ali zii, maso otseguka koma osaona munthu.

"Akupumula?" anafunsa.

Mwaba anapukusa mutu. "Kukhala chete uku ni matenda yomweyo, atate. Manje chibayo chalowa. A dokota abwera."

A Yoramu anawaveka magalasi aja, anawatchula dzina, anawaimbira nyimbo ya kutchalitchi. A Dailes sanawazindikire. Sabata isanathe anamwalira, a Yoramu atawagwira dzanja.

Maliro atatha, Hellen anapempha bambo ake kuti akakhale naye ku Lusaka, koma anakana. Munda sanapalire, ndipo mbuzi anazipereka kwa mphwawo. Hellen akawaimbira foni, nkhani imakhala imodzi yomweyo.

"Uniuzenso, mwana wanga. Anakamba kuti chani amai ako tsiku lija?"

"Anafunsa ngati mwadya, atate."

A Yoramu amagwirabe foniyo kukhutu, mpaka Hellen amaidula yekha.