Benchi ya Odulidwa

"Iwe Matilda, bulauzi imeneyo si yako, ung'amba!" anakuwa Eluby, singano ili pamlomo.

"Ndi yanga! Kungoti telala anandiyeza ndisanadye," anayankha Matilda akuikokera pansi. Anzawo onse anaphulika ndi phwete.

Linali Lachisanu masana, ndipo tchalitchi cha kumudziko, kamtunda pang'ono kuchokera pa Namitambo, chinali chitasanduka shopu ya telala. Mabulauzi ndi malaya abuluu anali mbwee m'mabenchi. Lamulungu likudzalo linali lotsekera msonkhano wa achinyamata wa pa tchuthi chachikulu, ndipo kwaya yawo inali yoti ikaimba pamaso pa mpingo wonse, koyamba itavala yunifolomu.

Eluby sanalowere pakhomo m'gulu limeneli, anadzera pawindo. Sabata yoyamba ya tchuthi anabwera ndi beseni la zitumbuwa, mwana wake Yamiko ali kumsana, kudzagulitsa kwa ana asukulu amene ankasonkhana patchalitchipo. Ali panja anamva nyimbo ikuphedwa dzuwa likuswa mtengo. Vesi yoyamba anapirira, yachiwiri analuma mano, yachitatu mtima unakana. Anasuzumira pawindo n'kuiyamba pamalo pake. Jonathan, wophunzira zaubusa amene mpingo unam'tumiza kudzatsogolera achinyamata pa tchuthicho, anaimitsa manja m'malere.

"Chemwali, mawu amenewo si apawindo. Talowani."

Analowa, ndipo masabata asanu anatha ngati tsiku limodzi. Anam'patsa dzina loti Kiyi, chifukwa nyimbo iliyonse ankaiyamba ndi iye, ena n'kumatsatira. Anakathyolera limodzi nandolo m'munda mwa bambo wina wofa ziwalo. Anakafolera nyumba ya mayi wamasiye cha ku Ndunde, atsikana akuponya udzu, anyamata ali padenga akunama kuti sakuopa. Ankadyera chinangwa mbale imodzi pansi pa mtengo wa mango, n'kumakanganirana vesi mpaka chinangwacho kuzizira. Yamiko ankangosinthidwa misana. Eluby ankabwerera kwawo mawu atasasa, akuseka yekha m'njira ngati wamisala. Zaka ziwiri zinali zitatha asanasekepo choncho, ndipo anali atayambanso kupemphera pemphero lokhala ndi zikomo mkati.

Chimene onse ankachidziwa koma osachitchula n'chakuti Eluby anali wodulidwa. Iye ndi Denis anamanga ukwati wakumudzi wokha, wa ankhoswe, osakadalitsa kutchalitchi. Mpingo unam'dula: mgonero ayi, udindo ayi, malo ake benchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Denis ankati adalitsa akakolola. M'malo mwake anakwera basi ya ku Joni, Yamiko ali m'mimba, ndipo patatha miyezi ingapo foni yake inayamba kungolandira osabweza.

Belu la njinga linalira panja. Analowa a Kalinde, mkulu wa mpingo woyang'anira dera limenelo, thalauzi atalimanga ndi timphira m'akakolo, buku lili m'khwapa. Sanali munthu woipa a Kalinde. Pamaliro ankayamba ndiwo kufika, n'kukhala omaliza kuchoka. Koma malamulo a mpingo ankawasunga ngati chimanga cha mbewu, osalola ngakhale nankafumbwe mmodzi.

"Zakongola, ana anga, zakongola ndithu." Anayendetsa maso m'mabulauzi, n'kuima pa imene inali pamiyendo pa Eluby. "Iyo njayani?"

"Njanga, bambo," anatero Eluby akuimirira n'kupinda mawondo.

"A Jonathan, tabwerani kuno." Koma sanapite naye patali, ndipo mawu sanatsitse. "Munthu wodulidwa saimirira kutsogolo. Pophunzira pano ndakhala ndikutsinzina dala. Koma Lamulungu kukubwera abusa, kukubwera mpingo wonse. Mukufuna anditi chiyani?"

"Bambo, nyimbo zonse amayambitsa ndi iwowa. Komanso Ambuye Yesu ankadya ndi..."

"Mavesiwo ndinayamba kuwerenga inu musanabadwe. Inu ndinu mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Lolemba mukwera minibasi wa ku Limbe. Ine nditsala ndi makolo amene ana awo ndinawakhazika pa benchi yomwe ija. Ndidzawauza kuti chiyani? Kuti awo analibe mawu okoma?"

Jonathan anayang'ana nsapato zake. Lipoti la ntchito yake lopita ku koleji, oti alisaine anali a Kalinde omwewo, ndipo aliyense m'tchalitchimo ankadziwa zimenezo.

Eluby anamva kutentha kumaso, koma anadzigwira. "Nanga nditani, bambo, kuti ndichoke pa benchi ija?"

"Njira zilipo ziwiri, mwanawe. Abwere amuna ako, mudalitse ukwati. Apo ayi, ankhoswe akhale pansi, anene kuti ukwati watha, ulowe kalasi miyezi isanu ndi umodzi, tikubwezere. Koma uku ndi uku ayi. Mapanga awiri avumbwitsa."

Njinga itangochoka, Matilda analumpha. "Ngati a Kiyi saimba, ifenso sitiimba!"

Ena anavomereza, koma chapansipansi, maso akuthawira ku yunifolomu zawo zatsopano. Eluby anaziona, ndipo zinam'pweteka kuposa mawu a a Kalinde. Komabe sanawade nazo. Ambiri anali ana a Folomu 2, ndipo nsaluyo anaipeza ndi ganyu wosenza njerwa.

"Imbani," anatero. "Musandipalamulitse mlandu wachiwiri. Matilda, bwera nayo bulauziyo ndiimasule m'mbali."

Kunyumba anapeza amayi ake, a Nabanda, akupeta nandolo pakhonde. Nkhani inali itafika kale, pakuti nkhani yakutchalitchi siidikira mwini wake.

"Mwamuna wa pa foni si mwamuna," anatero a Nabanda osakweza mutu. "Atsibweni ako akhala akundifunsa. Akuti angodikira liwu lako."

"Anati abwera, amayi."

"Anatinso adalitsa akakolola. Takolola kangati?"

Eluby anakwera pachulu kuseri kwa nyumba, pamene netiweki inkagwirako bwino, n'kujambula mawu pa foni opita kwa Denis. "Bambo a Yamiko, sindikupempha kanthu. Ndikungofuna liwu limodzi. Mubwera kapena simubwera? Kutchalitchi akufuna adziwe. Inenso ndikufuna ndidziwe." Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Pamwamba panaonetsa kuti munthuyo akulemba. Anayang'anitsitsa foniyo mpaka maso kuwawa. Akulemba, akulemba, kenako zii. Loweruka lonse anakwera pachulupo kasanu, osapezapo kanthu.

Lamulungu anaganiza zosapita, koma miyendo inam'tenga. Anakhala pamalo pake, pakati pa mayi wina wotcheza kachasu ndi bambo wa mitala amene ankasinza ulaliki usanayambe. Kwaya inalowa mwandawala, yabuluu yokhayokha, n'kukandanda kutsogolo. Matilda anayamba nyimbo, koma mantha anam'kweza nayo pamwamba zedi. Pofika pa kolasi atsikana anali akulira ngati anapiye, anyamata atasiya kalekale. Nyimbo inafera m'malere. Wina anatsokomola, ana anayamba kuseka.

Kunena zoona, Eluby anamva kukoma pang'ono mumtima, kukoma kwa shuga wakuba. A Kalinde amve okha! Koma ataona milomo ya Matilda ikunjenjemera, manyazi anam'gwira. Lamulo linaletsa kuimirira kutsogolo, silinaletse kuimba pa benchi. Anayamba nyimboyo ali chikhalire, pamalo pake penipeni. Mitu yonse inatembenukira kumbuyo, kwaya inaigwira, mitu ija n'kubwereranso kutsogolo.

Anaimba ana aja! Amayi anaimirira ndi nthungululu, ena kukawakupiza ndi zitenje. Abusa anayamikira Jonathan pophunzitsa bwino, anayamikira a Kalinde posunga mwambo, anayamikiranso telala. Wa pa benchi yakumbuyo sanam'tchule.

Panja ndi pamene anzake a kwaya anamuunjirira. Matilda anam'kumbatira akulira, chimfine n'chimfine pa diresi lake. Anam'kokera pakati pojambulitsa, yekhayo wosavala zabuluu, kenako anagwirana manja n'kumupempherera mmodzimmodzi, pom'tchula dzina. Eluby anali asanamvepo dzina lake likutchulidwa kwa Mulungu ndi anthu ochuluka chotero. Analira osabisa.

"Ndinakulephererani, chemwali," anatero Jonathan potsanzika. "Koma chaka chamawa ndapempha kudzabweranso konkuno. Tidzakupezeni kutsogolo, a Kiyi."

"Kutsogolo, mutavala bulauzi yanu ija!" anatero Matilda.

Mawu amenewo ndi amene anapita nawo kunyumba. Lolemba Jonathan anakwera minibasi. Sabata inayo ana anabwerera kusukulu, ena ku Boma, ena kogonera komweko, ndipo patchalitchi panatsala mbuzi zokha. Eluby anakwera pachulu komaliza, anapeza timizere tomwe tija, n'kutsika kulunjika kwa atsibweni ake, a Alufeyo, amene anali nkhoswe yake.

"Watopa kudikira?" anafunsa a Alufeyo akusiya mpini umene ankasema.

"Kudikira ndikanadikirabe, atsibweni. Koma anzanga aja akadzatsekera sukulu ndikufuna adzandipeze ndili munthu. Mukawaitane akuchimuna."

Ankhoswe anakumana patatha masabata awiri. Akuchimuna sanalimbe n'komwe. Anangoti mwana wawo nawonso sawayankha, koma anabwera atapinda kale thumba lotengera zovala za Denis, ndipo Eluby anadziwa kuti pali chimene akudziwa. Anawaona akuikamo jekete, nsapato zampira ndi wailesi yakufa. Thumba litatuluka pakhomo analowa m'nyumba n'kulira mpaka Yamiko naye kuyamba. Eluby ankamukonda Denis, ndipo ankamukondabe ngakhale tsiku limenelo.

M'mawa mwake anabereka mwana n'kupita kwa a Kalinde. Anawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga. Atamva nkhaniyo anakondwa ndi mtima wonse, anasamba m'manja, n'kukatenga buku la kalasi.

"Wachita zamzeru, mwanawe. Pofika Isitala udzakhala utabwezeredwa. Amayi a chigwirizano adzakulandira ndi manja awiri. Amakumana Lachinayi lililonse, ndipo kunena mosabisa, kuimba kwawo kukufunika thandizo."

"Ine ndimati kwaya ya achinyamata, bambo. Akadzabwera pa tchuthi."

A Kalinde anavula magalasi. "Ya achinyamata? Iii, ayi. Wachinyamata mumpingo muno ndi amene sanalowepo m'banja."

"Koma munati ukwati wanga mpingo suudziwa. Si chifukwa chake munandidula?"

"Ukwatiwo mpingo sunaudziwe, inde. Koma mwana ali kumsanayo ukumuona. Ndiwe mayi tsopano. Malo ako ndi kwa amayi."

Eluby anagwira mzati wa khonde. "Nanga bwanji simunanene tsiku lija? Ankhoswe asanakhale pansi?"

"Unafunsa za benchi, mwanawe. Ndinakuyankha za benchi."

Ananena mofatsa, mopanda chinyengo, ndipo n'chimene chinawawa kwambiri. Eluby anafunafuna woti amukwiyire, osam'peza bwinobwino. Jonathan sankadziwa malamulo a kuno. Matilda anali mwana. A Kalinde sananame ngakhale liwu limodzi. Iye mwini ndi amene anafunsa funso lalifupi, n'kugwetsa nyumba chifukwa cha yankho lake.

Yamiko anayamba kutakataka kumsana. A Kalinde anavalanso magalasi, natsegula buku, cholembera chili m'mwamba.

"Ndilembe?"

Eluby anayang'ana njira yobwerera kwawo. Kumeneko kunalibenso choti n'kudikira.

"Lembani," anatero.

"Dzina la bambo ako, eti? Poti la uje lija latha."

Eluby anatchula dzina la bambo ake, ndipo a Kalinde anamuuza kuti kalasi imayamba Loweruka, eyiti koloko, asadzachedwe.