Rauta ya a Msomali

Anzawo a mumsewu wa amisiri ankawatchula kuti a Msomali, chifukwa anali aatali, oonda, ndipo akalowa pamfundo sankatuluka pokhapokha utabwera ndi chozulira. Anakhala zaka makumi atatu akupanga makabati ndi zitseko m'shopu yawo ya chipinda chimodzi, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wosoka nsapato. Chimene chinawatchukitsa ndi m'mbali mwa zitseko zawo. Ankagwira m'manja rauta, kamakina kaja kozunguza mpeni wosema mizere pathabwa, n'kumaiyendetsa ngati akulemba kalata.

Dzanja lamanja linayamba kunjenjemera imvi zitangoyamba kuchuluka. Poyamba linkangogwedeza kapu. Kenako linawatsatira kuntchito. Tsiku lina rauta inapatuka pamzere n'kudya chitseko chimene anachipala masiku atatu. Dokotala sanabise. Anati matendawa satha, mankhwala amangowanyengerera kuti aziyenda pang'onopang'ono.

Mwana wawo wamkazi, amene anali namwino, anadzera kushopu pochokera kuntchito n'kuwapeza pabenchi atakhalira dzanjalo.

"Bambo, mukubisira ndani? Ine manja otere ndimawaona tsiku ndi tsiku."

"Ndikulifunditsa."

"Dzuwa lonseli?"

A Msomali anayang'ana utuchi umene unali pansi. Kenako anati, "Njira ilipo imodzi, mwananga. Makina akhale phee, thabwa ndilo liziyenda. Pakufunika rauta yaikulu yomangirira pansi pa tebulo. Manjawa azingokankha."

"Ndiye Loweruka tikagule. Ndigula ndine, ndipo musayambe zokana."

M'sitolo ya zipangizo, wogulitsa anawayang'ana msinkhu n'kuwatulutsira karauta kopepuka.

"Aka sikatopetsa, agogo."

"Agogo ako ali kwanu," anatero a Msomali. "Ako n'kosemera mafelemu a zithunzi. Ukakapatsa mpeni waukulu kalira masiku awiri n'kupsa."

Anazikana zinayi, kuwerengera kakang'ono kaja. Ina inalibe pochepetsera liwiro, pamene mpeni waukulu umafuna kuzungulira mofatsa, apo ayi umatentha thabwa kapena kuthothoka. Ina inali ndi pakamwa papang'ono, pongolowa timipeni ta tsinde lowonda, tomwe timapindika tikakumana ndi thabwa lolimba. Ina atailiza inadzuka ndi mkwiyo, kudumpha pakauntala. Yachisanu inayamba kulira chapansipansi n'kumakwera bwino, ndipo inali ndi kabowo kolowetsapo kiyi kuti uzikweza mpeni uli pamwamba pa tebulo, osakwawira pansi. A Msomali anaimvetsera atapendeketsa mutu.

"Ndi imeneyi."

"Tainyamulani mumve kulemera kwake," anatero wogulitsa monyadira.

Anainyamula. Chingwe chake chinayamba kumenya kauntala, pha pha pha, anthu onse a m'sitolomo n'kutembenuka. Mwana wawo anailandira mwachangu ngati akulandira khanda, n'kufunsa wogulitsa za bokosi lake.

Tebulo analipanga sabata yathunthu, ntchito imene kale inali ya tsiku limodzi. Anasankha thabwa lochindikala losapindika, n'kuboola pakati. Wowotcherera uja anawapangira miyendo yachitsulo, ndipo ndiye anawagwirira rautayo pamene ankaimangirira chadodolido pansi pa tebulo ngati mleme. Pamwamba anaikapo thabwa lowongoka lotsamirapo ntchito. Switchi anaiika pamwendo wa tebulo n'kuiphimba ndi kathabwa, kuti zikavuta azingogunda ndi bondo.

Masabata oyamba zinkayenda. Ankakankha thabwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, kuti lizikumana ndi mpeni maso ndi maso. Sankadula mozama kamodzi, ankadutsitsa katatu, kukweza mpeni pang'ono ulendo uliwonse. Timatabwa tatifupi ta madilowa tinkatuluka tosalala. Wosoka nsapato anawamva akuimba mluzu, n'kukuwa kuseri kwa khoma kuti, "Akulu, mwakwatiranso kapena?"

Kenako kunabwera mayi wina wamasiye. Malemu amuna ake anagula kabati kwa a Msomali zaka makumi awiri zapitazo, ndipo zitseko zake ziwiri zazitali zinasweka posamuka. Anabwera ndi chidutswa atachikulunga m'nsalu.

"Ndafunsa kwa amisiri awiri, onse akuti mzere uwu ndi wanu. Ndikufuna zikhale mmene anazisiyira."

A Msomali anayendetsa chala pachidutswacho. Anaukumbukira mzerewo, wotsika kawiri n'kupinda ngati mlomo wa mbale. Mpeni wake unalipobe m'dilowa.

"Mubwere pakatha sabata ziwiri, mayi."

Koma thabwa lalitali si lalifupi. Limafuna kuyenda ulendo umodzi, osaima, osathamanga, manja akulandizana. Dzanja lamanzere linkagwira bwino. Lamanja likati lilandire, linkayamba zake. Thabwa likaima kamphindi, mpeni unkasiyapo chipsera chakuda. Likachoka pang'ono pathabwa lotsamira lija, mzere unkatuluka ndi mafunde. Anachepetsa liwiro. Ananola mpeni. Anamangirira timatabwa topanikiza ntchito kuchokera pamwamba ndi m'mbali. Anasintha nthawi yomwera mankhwala kuti azigwira ntchito dzanja litagona. Anawononga matabwa asanu ndi limodzi.

Pa lachisanu ndi chiwiri, dzanja linakoka m'malo mokankha. Thabwa linabwerera ndi mphamvu n'kuwamenya m'nthiti, ndipo kamtengo kokankhira kamene anagwira kanalowa pampeni n'kusanduka zibenthu. Anagunda switchi ndi bondo. Makina atazima anaona kuti kamtengoko katsala kotalika ngati chala. Anakhala pansi pautuchi, kupuma movutikira. Wowotcherera anasuzumira pakhomo.

"Muli bwino, akulu?"

"Ndikufuna sikuluu yagwa."

Zitsekozo anazimaliza ndithu. Anakhula zipsera ndi sandipepa mpaka mzere unafufutika m'malo ena, n'kupaka vanishi wakuda kuposa wakale kuti abise zotsalazo. Anakaziika yekha. Mayi wamasiye anaima patsogolo pa kabati, anayendetsa chala kuyambira pamwamba. Chala chija chinaima penapake, chinapitirira, chinaimanso.

"Zili bwino, bambo. Mwagwira ntchito. Khalani pansi mupume, ndikupatseni madzi."

Mawu ake anali ofewa, aja amene anthu amalankhulira akapita kukazonda wodwala. A Msomali akanakonda atawakalipira.

Patatha mwezi anapeza m'thumba la ovololo kiyi wachiwiri wa loko wa zitseko zija, amene anaiwala kusiya. Anapita wapansi kukapereka. Chitseko cha nyumba chinali chotsekula, ndipo asanagogode anaona kabati ija pabalaza. Inali ndi zitseko zina, zoyera, za mzere wamba koma wowongoka kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zawo zija zinali kuseri kwa nyumba, zitagonekedwa pa njerwa, ataikapo mabeseni ochapira. Anaika kiyi pawindo n'kubwerera osaonana ndi munthu.

Lamlungu mwana wawo anabwera kudzawaona kunyumba.

"Makina aja akuyenda bwanji, bambo?"

"Ndi abwino. Tinasankha bwino."

"Nanga nthitizo mukugwiriranji?"

"Ndinagona molakwika."

"Bambo."

"Mwananga, makinawo alibe mlandu. Amachita chilichonse chimene dzanja lawauza." Anatambasula dzanjalo patebulo, awiriwo n'kumaliyang'ana likugwedezeka lokha. "Kuchipatala kwanuko, otere amatha bwanji? Usandinyengerere."

Namwinoyo anadzuka kukatsuka makapu amene anali otsuka kale, ndipo madzi anakhala akutuluka pampopi nthawi yaitali.

A Msomali sanasiye kupita kushopu. M'mawa uliwonse ankatsekula, kusesa pansi ngakhale panalibe utuchi, n'kutulutsa benchi pakhomo. Mipeni ya rauta anaipaka mafuta, anaikulunga umodziumodzi m'nyuzipepala. Wowotcherera anawauza kuti akudziwa munthu amene angagule tebulolo ndi makina ake omwe. Iwo anati aganizira, ndipo nkhaniyo sinabwerenso.

Tsiku lina kunaima galimoto yonyamula katundu. Munatsika bambo wina wonenepa, womanga nyumba, atagwira pepala la miyeso.

"Ndikufuna a Msomali. Akuti ndi okhawo angandisemere zitseko khumi ndi ziwiri za nyumba ya bwana wanga."

A Msomali anatenga pepalalo ndi dzanja lamanzere n'kuliwerenga lonse, muyeso uliwonse. Inali ntchito yokoma, ya matabwa abwino, yonga imene anaidikira zaka zambiri. Anabweza pepalalo.

"A Msomali anasiya," anatero. "Pitirirani ndi msewu womwewu, mudutse mlatho. Kumanzere muona shopu ya chitseko chobiriwira. Mmisiri wake ndi wofulumira, koma mumuuze asathamangitse thabwa. Mukapanda kumuuza, azitentha."

Bamboyo anathokoza n'kukwera galimoto. Wosoka nsapato, amene anamva zonse, anaweramira nsapato yake n'kupitiriza kukhoma.