Tiyesenso, Bambo Kalonjere

1.
Kompyuta imodzi ili kuno, m'chipinda chojambulira cha chipatala chathu chaching'ono. Ina ili ku boma, patebulo la dokotala wa m'mapapo. Pakati pake pali phiri, minda ya fodya ndi mlongoti umene tinaimika mwezi watha. Ine Ndaziona anandituma kudzayeza liwiro la netiweki pakati pa ziwirizi.

2.
Mwakonzeka, Bambo Kalonjere? ndikumfunsa pafoni mnzanga wa ku boma.
Yanga ikudikira, mayi. Dinani.
Ndadina. Manambala akuoneka pasikirini.
Mwapeza zingati?
Tiyesenso.

3.
Chithunzi cha ekisire n'cholemera. Netiweki ikafooka chimaima panjira. Lero palibe chithunzi chimene chipite ine ndisanavomereze.

4.
Namwino, Mayi Chidothi, asuzumira pakhomo.
Odwala ali pabenchi kuyambira m'mawa. Titumize?
Pang'ono, asisitala.

5.
Zimene zimafooketsa netiweki:
chingwe chotha,
mbale ya pamlongoti itapendekeka ndi mphepo,
magetsi ochepa mphamvu,
dzimbiri,
khwangwala.
Zonse ndaona. Tiyesenso.

6.
Wina akutsokomola pabenchi ndipo iwe Ndaziona sukutembenuka, ukupukuta manja pasiketi, ukuzula chingwe chimene wasintha kale n'kuchibwezera, ukupemerera fumbi pamalo opanda fumbi, wotsokomola uja wasiya pang'ono ndiye wayambiranso, ndipo chala chako chabwerera pabatani lomwe lija

7.
Tiyesenso.
Mayi, atero Bambo Kalonjere, kwanga kuno ikuonetsa liwiro la mamegabiti makumi anayi kuyambira ulendo woyamba. N'zokwanira kwambiri. Kwanu ikuti chiyani?
Ndadinanso batani.
Mayi?
Makumi anayi.

8.
Chithunzi choyamba pamzere ndi cha Filipo Mwachande, amuna anga. Malaya awo onse awakulira. Dzana analavula magazi, ndipo anayesa kundibisira kansalu kake. Kale chithunzi chotere chinkapita pakabaza, yankho n'kudzabwera sabata yotsatira. Tsopano chikapita, dokotala ayankha lero lomwe.

Asisitala, tumizani.

Chadutsa ndisanachotse dzanja pampando. Ndatuluka kukakhala ndi amuna anga pabenchi.
Ndiye mlongoti wako uja ukugwira ntchito? andifunsa.
Ukugwira, bambo a Tiyanjane.
Waitha, iwo atero akumwetulira, n'kundisendezera malo.
Mkatimo foni ya asisitala yayamba kulira.