Rosebell Aime Mbali Iti?

A Fazal, a sitolo ya m'tauni ya Zomba amene amagula khofi wa kalabu ya alimi a m'phiri, anakwera tsiku lina ndi mtsikana wojambula zithunzi, dzina lake Kelly. Akuti azungu omwa khofiyo akufuna kuona okha kuti alimi sakuponderezedwa, ndiponso kuti Akhristu ndi Asilamu amalimadi limodzi.

"Zosavuta," anatero Kelly. "Akhristu uku, Asilamu uko, kenako mugwirane chanza pakatipa."

Anthu anayang'anana. Zaka zonsezi athyola khofi limodzi, kutsuka, kuyanika pa thandala limodzi, palibe anawagawapo chonchi. Koma poti mlendo wanena, anayamba kusuntha, ena akuseka.

Rosebell yekha anangoti kakasi. Iyeyu anakulira mu CCAP, n'kukwatiwa ndi Mahmud wa ku Songani. Pa Ramadani amasala ndi mwamuna wake, Lamulungu amaperekeza amayi ake kutchalitchi n'kuimba nawo. Zoti iye ndi wa kuti, mabanja awiriwo anazikwirira kalekale, ndipo kunali mtendere.

Tsopano amayi ake, a Norah, anali kumanzere atamusiyira kampata. Apongozi ake, a Sumaya, anali kumanja, nawonso atasendera pang'ono. Mahmud, mwamuna wa anthu, maso anali pa nsapato zake ngati ndi zatsopano.

"Achemwali, inuyo mbali yanu ndi iti?" anafunsa Kelly.

Rosebell anaponda kumanzere, nkhope ya apongozi inagwa. Anabwerera. Atapenya kumanja, amayi ake anakhosomola. Kodi zimene azunguwo akufuna kuona si iyeyo? Nanga bwanji malo ake palibe?

"Ndiima pompano," anatero Rosebell.

"Iyayi, pamenepo mutchinga manja." Kelly anayang'ana a Fazal, a Fazal anayang'ana nkhungu imene inkatsika m'mapaini. "Chabwino, tandigwirirani chikwamachi, muime kumbuyo kwanga."

Chithunzi chinatuluka chokongola, kunena zoona. Aliyense mano pamtunda.

Alendo atapita, anthu anayamba kusenza khofi wawo. A Norah anayandikira mwana wawo n'kufunsa chapansipansi: "Ndiye kuti kwathu unachokako, eti?"

Rosebell anagwada pa dengu lake kudikira apongozi, amene chikwatiwire chake ndiwo amamutwika. A Sumaya sanafunse kanthu. Anangodutsa.